Amayi anabwera ndi mandasi ku kampu yochepetsa thupi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, chifukwa ndi chaka chimene thupi langa linasanduka nkhani ya aliyense. Tinkakhala kutsidya kwa nyanja, ku South Bend m'dera la Indiana, m'nyumba ya lendi imene basi ya m'tauni inkaima pafupi nayo. Bambo ankagwira ntchito yoyeza magazi pachipatala, Amayi ankasamalira nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, ndipo ine ndinali mwana yekhayo m'banjamo, wonenepa kuyambira ndili kumsana. Kutchalitchi kumene Amalawi tinkakumana, kunenepa kwangako kunali chinthu chonyaditsa. Azimayi ankanditsina tsaya n'kumauza Amayi kuti, "Koma mwanayu mukumusunga bwino!" Amayi ankaseka mokhutira. Kusukulu zinali zina. Kumeneko ndinkadikira kuti anzanga onse atuluke m'chipinda chosinthira zovala ndisanavule malaya, ndipo tsiku lililonse losambira mutu unkandipweteka kuyambira m'mawa.

Amene anasokoneza mtendere wa m'nyumba mwathu anali dokotala wa ana. Anaona khungu lakuda la kumbuyo kwa khosi langa, limene Amayi anakhala akulikwecha ndi mwala poganiza kuti ndi litsiro la mwana waulesi. Ananditenga magazi, ndipo zotsatira zitabwera anati ndikulowera ku matenda a shuga. Bambo, munthu woona magazi a anthu tsiku ndi tsiku, sanafunikire kuuzidwa kawiri. Iwo ndi amene anapeza kampu ya atsikana onenepa, kutchire la kum'mwera kwa Indianapolis, kumene ana ankapita sukulu zikatsekera m'nyengo yotentha.

Amayi sanakane poyera. Anangofunsa akutsuka mbale, nkhope ili kuzenera.

"Ndiye mwana apite kukaphunzira njala? Nanga ife kuno tinabwera kuthawa chiyani?"

"Si njala ayi, amake Tadala," anatero Bambo. "Akangomuphunzitsako kadyedwe basi."

Ine sanandifunse, ndipo akanandifunsa sindikudziwa kuti ndikanayankha chiyani.

Masiku ano makolo ena amandikokera pambali tikaweruka kutchalitchi n'kundifunsa kuti kampu yotere imakhala bwanji, poti anamva kuti ndinapitako. Ndimawauza zimene ndinaona. Mwana wanu akangofika amutsegulira sutikesi. Ine anandipeza ndi botolo la mtedza wokazinga limene Amayi analikulunga m'chitenje pansi pa zovala, ndipo mtsikana wotiyang'anira, wophunzira wa ku yunivesite dzina lake Kristen, analinyamula akumwetulira n'kupita nalo osabwera nalonso. Azimuyeza pasikelo m'mawa asanadye, wopanda nsapato, anzake ali pamzere kunja kwa chitseko kudikira kuona ngati atuluke akuseka kapena akulira. Aziyenda mtunda dzuwa lisanakwere, udzudzu ukumuluma m'miyendo. Azimuphunzitsa kuti mpunga wake usapose chibakera chake ndipo nyama isapose chikhato. Sadzamenyedwa, sadzatukwanidwa, aliyense adzamumwetulira mpaka adzatopa nako kumwetulirako. Ndipo adzakhala ndi njala, yosapweteka kwenikweni koma yosachokanso, imene imamuchititsa mwana kukamba za chakudya tsiku lonse. Ife tinkakhala pansi pamtengo masana n'kumafotokozerana zimene amayi athu amaphika, aliyense kudikira nthawi yake moleza mtima.

Koma ndisaname, panali chinthu chimodzi chabwino. Panali nyanja yaing'ono ya madzi obiriwira, ndipo tonse amene tinkalowamo tinali ndi ntchafu zogundana. Panalibe woyang'ana mnzake. Ndinaphunzira kusambira kumeneko, malaya nditavula, dzuwa likundiwotcha mapewa amene anali asanaonepo dzuwa la ku Indiana. Tsitsi langa loluka linawonongeka ndi madziwo poti panalibe wodziwa kulikonza, koma sindinadandaule. Mutu uja wa tsiku losambira sunandipezenso.

Lamlungu lililonse tinkaloledwa kuimba foni kunyumba. Amayi sankafunsa za nyanja kapena za anzanga. Funso lawo linali limodzi: "Wadya chiyani lero?" Ndinkawayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira nthawi zonse, n'kuwatchulira masamba osaphika, kachidutswa ka nkhuku yowotcha yopanda khungu, ndi chipatso. Iwo ankafunsanso kuti, "Nanga chakudya chenichenicho?"

Pakati pa nyengoyo panali tsiku loti makolo adzaone ana awo. Potisiya tsiku loyamba lija, mayi wamkulu wa kampuyo anali atanena momveka bwino kuti wobwera kudzaona mwana asabweretse chodyedwa chilichonse. Amayi analipo ndipo anamva, Chingerezi chawo chinalibe vuto. Kungoti iwo anakulira kusukulu yogonera komweko ku Dedza, kumene atsikana ankadya nyemba zofumbwa teremu yonse, ndipo kumenekonso lamulo lotero linalipo. Ankandifotokozera kawirikawiri mmene Agogo ankafikira tsiku loyendera ana, atasenza dengu kuchokera pasiteji ya basi, muli nkhuku yootcha, mbatata ndi zitumbuwa. Mwendo umodzi wa nkhuku unkapita kwa amatroni, ndipo amatroni ankayang'ana kumbali. Mwana amene kholo lake labwera chimanjamanja ankamvetsa chisoni kuposa amene sanayenderedwe n'komwe. Kwa Amayi, lamulo la kukampu linali lamulo lomwe lija, ndipo ankadziwa mmene limayendera.

Bambo anali pantchito tsiku limenelo. Amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo, n'kuyendetsa galimoto mpaka ku Indianapolis dzulo lake, kukagona kwa Anti Edina, mnzawo wa kusukulu amene ankakhala cha ku Speedway. Ndinamva pambuyo pake kuti anazungulira masitolo a m'mbali mwa Lafayette Road kufunafuna nkhuku yolimba ngati ya kumudzi, chifukwa nkhuku zofewa za kuno ankati n'zosakoma. Anaphika m'mamawa kukhitchini ya Anti Edina.

Ndinawaona akutsika galimoto ndili pakhonde la holo yodyera. Makolo ena ankabwera ndi maluwa, magazini, wina ndi kagalu. Amayi anabwera atavala diresi lawo la ku Malawi lopita nalo kutchalitchi, mafudiwoma awiri m'manja, Anti Edina ali pambuyo ndi jumbo yodontha mafuta. Fungo linafika iwo asanafike. Mpunga wa mafuta ndi anyezi, nkhuku ya tomato, mandasi. Atsikana amene anali pakhondepo anasiya kulankhula, mitu yonse inatembenukira kumodzi. Malovu anadzaza m'kamwa mwanga mpaka ndinachita manyazi.

Kristen anawachingamira pakati pa kapinga. Amayi anamupatsa moni waulemu, anatsegula jumbo ija, n'kutulutsa mbale yokutidwa bwino payokha.

"Iyi ndi ya amatroni," anandiuza ine m'Chichewa, kenako anamupatsa Kristen ndi manja awiri.

Kristen anafiira nkhope. Anathokoza, anapepesa, anathokozanso, n'kufotokoza kuti chakudyacho chiyenera kubwerera kugalimoto, chifukwa atsikana enawo akuona ndipo sizingakhale bwino. Amayi anaganiza kuti ndi kukana kwa ulemu kumene munthu amayamba nako asanalandire, choncho anamukankhiranso mbaleyo akumwetulira. Kristen anaika manja kumbuyo. Anaima choncho awiriwo, mbale ili pakati, mpaka mayi wamkulu uja anabwera n'kubwereza mawu omwewo pang'onopang'ono, mmene amalankhulira ndi munthu amene akumuganizira kuti sakumva chinenero.

Ndi pamene Amayi anandiyang'ana bwinobwino koyamba. Kabudula amene anandigulira pochoka anali atamangidwa ndi chingwe kuti asagwe. Mafupa a pansi pa khosi, amene ine ndinkawagwiragwira monyadira pagalasi, anali poyera. Anaika mafudiwoma pansi, anagwira dzanja langa, n'kuzunguliza chala chachikulu ndi chapakati pamkono wanga. Zalazo zinakumana. Kumwetulira konse kunachoka.

"Pita ukapakire katundu wako," anatero. "Tikupita."

"Asisi, taimani kaye," anatero Anti Edina.

"Ndati akapakire. Ine sindinadraive mtunda wonsewu kudzaona mwana wanga akutha chonchi."

Ananyamula mafudiwoma n'kubwerera kugalimoto, ife tikuwatsatira. Mtima wanga unagawanika. Ndinali nditatopa ndi sikelo, nditatopa ndi masamba osaphika, ndipo nkhuku ija inali pafupi kwambiri. Koma ndinkadziwanso kuti ndikakwera galimotoyo ndibwerera kwa dokotala uja ndi khosi lomwe lija, ndipo nyanja ija sindidzaionanso.

Amayi anatsegula buti, anaikamo chakudya, n'kukhala pamphepete pake. Kunkatentha kwambiri, phula la poimika magalimoto linkanunkha. Ndinkayembekezera kuti akalipa. M'malo mwake anayamba kulira, kulira kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Ndinali ndisanawaonepo akulira kunja kwa tchalitchi.

"Mercy anayamba chonchi," anatero.

A Mercy anali amayi anga aang'ono, mng'ono wawo wa Amayi, ndipo ndinkawadziwa pachithunzi chimene chinali pamwamba pa TV kwathu: mayi wa masaya odzaza, atavala zaukwati. Anamwalira ku Malawi ine ndili ku pulayimale, ndipo ndinangouzidwa kuti anadwala nthawi yaitali. Tsiku limenelo Amayi anandiuza kuti panali chithunzi china chimene sanandionetse. Anali matenda aja amene kwathu masiku amenewo sankatchulidwa dzina, anthu ankangoti wakutiwakuti waonda, ndipo aliyense ankamva. Kuchipatala cha kwathu wodwala amakhala ndi wachibale womudikirira, amene amamuphikira kunja n'kumamudyetsa ndi supuni. Malo amenewo anali a Amayi, monga mkulu wake.

"Mapepala otilola kukhala m'dziko lino anali asanatuluke, ndikanapita sindikanabwereranso kwa iwe," anatero. "Ndinkadyetsa nkhalamba za eni ake kuno, phala, supuni ndi supuni, mng'ono wanga akufa ndi njala yosatha kumeza. Ngakhale kamodzi sindinamudyetse. Ndiye lero andiuze kuti mwana wanganso ndisamudyetse?"

Anti Edina anakhala pambali pawo n'kumawasisita msana. Ine ndinaima pamenepo, thukuta likutsika m'miyendo. Kufikira tsiku limenelo ndinkaganiza kuti Amayi amandiwonjezera chakudya m'mbale chifukwa sadziwa zimene madokotala amadziwa. Koma iwo ankadziwa zonse, ankayeza shuga wa nkhalamba zawo m'mawa uliwonse. Ankangoopa china kuposa shuga.

Chichewa changa chinali cha m'makutu, pakamwa sichinkatuluka kawirikawiri. Koma ndinaona kuti Chingerezi cha mayi wamkulu uja chawakwana kale tsiku limenelo.

"Amayi, ine sindikudwala," ndinatero. Mawuwo anatuluka opindika, ndipo Anti Edina anadzigwira pakamwa. "Ndikufuna kukhala. Koma ndipatseniko limodzi."

Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anatsegula jumbo, anasankha ndasi lalikulu kuposa onse, n'kundipatsa. Ndinalidya nditabisala kuseri kwa chitseko cha buti, lofunda ndi dzuwa, mafuta akutsikira m'zala. Iwo sanadye, anangoyang'ana pakamwa panga mpaka ndinameza komaliza. Kenako anapuma mozama.

"Chabwino, khala," anatero. "Koma tsitsilo ndiye ayi. Bwera kuno."

Anandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo pamalo oimika magalimoto pomwepo, n'kundiluka mizere yatsopano ndi chipeso cha m'chikwama cha Anti Edina. Kristen anadutsa chapatali, anaona mafuta pamilomo panga, ndipo anayang'ana kumitengo. Amayi anamuona. Mpaka lero amanena kuti amatroni onse ndi amodzi, kungoti a kuno sadziwa kulandira mwendo wa nkhuku. Chakudya chotsalacho chinakadyedwa mawa lake kutchalitchi cha ku Indianapolis, ndipo ndinamva kuti anthu anachiyamikira kwambiri.

Ndinamaliza kampu yonse n'kubwerera ku South Bend nditachepa ndithu. Dokotala anasangalala, Bambo anasangalala. Kutchalitchi azimayi aja sananditsinenso tsaya. Ankandipatsa moni mofatsa, kenako n'kukokera Amayi pambali kukawafunsa ngati zonse zili bwino kunyumba. Chithunzi chimene Bambo anatumiza ku Malawi chinabweretsa foni ya Agogo, amene anati ayamba kundipempherera ndipo tisawabisire kanthu. Amayi ankayankha aliyense kuti ndi masewera olimbitsa thupi, koma mawu awo ankamveka kuti iwonso sakukhulupirira.

Ndipo khitchini yathu inali yomwe ija. Mafuta omwe aja, mbale zomwe zija, dzanja lomwe lija logawa. Ndinayesa kwa kanthawi kuyeza mpunga ndi chibakera, koma n'kovuta kuchita zimenezo pamaso pa munthu amene waima tsiku lonse pantchito n'kudzakuphikira. Kuzizira kutayamba panalibenso nyanja kapena mtunda woyenda, panali basi, sukulu ndi TV. Pofika Khirisimasi kabudula uja anali wothina. Amayi anandiyang'ana ndikuvala diresi la kutchalitchi n'kunena mosangalala kuti, "Eya, wabwereramo tsopano." Bambo anatuluka panja kukachotsa chipale chofewa chimene chinagwera pagalimoto, ngakhale kuti anali atachotsa kale.

Sindinapitenso kukampu. Thupi langa ndalimbana nalo zaka zonsezi, kutsika ndi kukwera, ndipo ndatopa nayo nkhaniyi kuposa mmene ndingafotokozere. Mapiritsi a shuga ndinayamba kumwa ndisanakwatiwe n'komwe. Makolo aja akandifunsa ngati atumize mwana wawo, sindiwauza kuti inde kapena ayi. Ndimawauza kuti mwanayo adzabwera atachepa, mwina atadziwa kusambira, ndipo adzalowa m'nyumba yomwe anaisiya. Ndimawafunsa kuti amagawa chakudya m'nyumbamo ndani, ndipo munthu ameneyo akaona mwana woonda amakumbukira ndani. Kukampu kuja anandiyeza ine nthawi zonse, koma panalibe amene anakhala pansi ndi Amayi n'kuwafunsa funso limenelo. Ambiri ndikawauza zimenezi amaseka pang'ono n'kusintha nkhani.

Amayi anasamukira kuno ku Indianapolis Bambo atamwalira, ndipo shuga anawapeza iwonso. Chaka chatha anagonekedwa m'chipatala impso zitayamba kuvuta, ndipo madokotala anawaletsa mchere, mafuta, pafupifupi chilichonse chimene iwo amachitcha chakudya. Malamulo amenewo ndimawadziwa bwino, ndinawaphunzira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Tsiku loyamba ndinapita ndi maluwa. Ndinawapeza atachepa m'bedi lalikulu lija, masaya atalowa, mbale ya kuchipatala ili pambali yosakhudzidwa. Ndinagwira mkono wawo, ndipo zala zanga zinakumana n'kupitirira.

Mawa lake ndinadzuka m'mamawa, ndinapita ku Lafayette Road kukafuna nkhuku yolimba. Ndinkadziwa kuti n'zoletsedwa, ndinkadziwanso chifukwa chake, koma manja anga anakana kupita opanda kanthu. Namwino anandiimitsa pakhomo la wodi ataona fudiwoma, ndipo ndinadzimva ndikumuuza kuti ndi pang'ono chabe, ndabweretsanso ina ya iyeyo. Anakana mwaulemu, manja ali kumbuyo. Tinagwirizana kuti msuzi wokha, masupuni ochepa.

Amayi anamva fungo ndisanatsegule. Anatsegula pakamwa, ndinawapatsa supuni yoyamba, ndipo ndinapezeka ndikuyang'ana pakhosi pawo mpaka anameza.

"Mchere wachepa," anatero. "Nanga iweyo wadya?"